Wodwala Woyamba wa Chiyanjano

"Ndikufunsa iwe! Lachiwiri masana unali kuti?"

Chiyanjano anaima chilili pakati pa khitchini, mopu ikudontha m'manja. Azakhali ake, Mayi Jean, anali asanavule ngakhale nsapato za ku ofesi. Chikwama anachiponya patebulo, makiyi a galimoto n'kugwera pansi.

"Ndinapita ku ofesi ya mayeso, azakhali."

"Ku ofesi ya mayeso! Bambo a Nicole, tabwerani mudzamve zimene akunena namwino wanuyu."

Bambo Oliver, amuna awo a Mayi Jean, omwe ankaphunzitsa pa koleji ina mumzindamo, anatulukira magalasi ali pamphumi. Sanalowe m'khitchinimo. Anangotsamira chitseko ngati munthu wodikira kuti mvula ikate.

"Wandiuza ndi MmaNeo, mayi wa nyumba iyo," anapitiriza Mayi Jean. "Akuti anakuona ukukwera kombi utatchena ngati wa ku ukwati. Ine ndili ku ntchito mtima uli m'malo kuti mwana wanga ali ndi womulandira, osadziwa kuti panyumba patsala galu yekha."

"Nicole anali asanaweruke, azakhali, ndipo anandipeza ndabwerako. Ndinangokafunsa za mayeso a sayansi aja ndinalephera kumudzi. Akuti kulembetsa atseka mwezi uno ukamatha, ndipo akufuna pasipoti ndi pemiti. Chonde, mundipatse pasipoti yanga."

"Pasipoti yako ili pabwino. Ukuifuniranji? Chakusowa n'chiyani m'nyumba muno? Ukudya, ukugona pa matilesi, ukusamba madzi otentha. Ku Mtakataka ndinakupeza ukugulitsa masawu pamsewu, mapazi ali ming'alu yokhayokha."

"Munauza bambo anga, amayi ali pomwepo, kuti mukunditenga kudzaphunzira unamwino. Nicole ndinamupeza akukwawa, lero akuvala yunifolomu. Ine ndidakali ndi mopu."

Mayi Jean anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma.

"Wayamba kuyankha eti? Ndiye imva. Masiku ako m'dziko muno adatha kalekale. Pemiti imene ukuinenayo kulibe. Ukapita nayo pasipoti ija ku ofesi iliyonse, sutulukako, akakukweza galimoto ya apolisi. Ine ndakhala ndikukubisa, iwe n'kumadziyanika wekha pamsewu."

Bambo Oliver anatsitsa magalasi aja. "Mayi a Nicole, si paja munati za pemiti ya mwanayu munakonza?"

"Inu musalowerere. Mwanayu ndi wa mchimwene wanga, magazi anga. Wantchito wa kuno mungamukwanitse inu, ndi malamulo awo aja a maola ndi tchuthi?"

Bambo Oliver anabwerera pabalaza. Chiyanjano anaweramira ndowa, nafinya mopu ija mpaka zala kuwawa. Zaka zonsezi ankadzitenga ngati mwana wasukulu wodikira nthawi yake. Tsiku limenelo ndi pomwe anadziwa kuti anali munthu wobisidwa.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, anakapeza Mayi Ethel kuseri kwa holo akutsuka makapu a tiyi. Mayi Ethel ndiwo anali wapampando wa Tigwirane, bungwe la Amalawi a mu Gaborone lothandizana pa matenda ndi pamaliro, ndipo aliyense ankangowatcha a Metroni. Moyo wawo anauyamba akukolopa m'makonde a chipatala cha mishoni kwawo ku Ntcheu. Mayeso ankawalephera chaka ndi chaka mpaka anzawo kuwasandutsa nyimbo, koma iwo osaleka, ndipo anapuma ntchito ali mkulu wa anamwino. Mlonda wina wa ku Nsanje atafera pa ntchito ku Gaborone West Industrial wopanda m'bale, ndi iwo anakamusambitsa ndi manja awo. Amalawi akagwidwa opanda mapepala, ndi iwo ankafika ndi buledi ndi mabulangete. Pa zikondwerero za bungwe sankakhala ku tebulo la akuluakulu. Ankadya ndi olera ana, kumbuyo.

Chiyanjano ankawayang'ana mayiwa kuyambira pomwe anafika m'dzikomo. Mpango ankamanga ngati iwo, ndipo akatopa ndi mabuku omwe ankawerenga ali chiimire pa tebulo lositira, ankadziuza kuti a Metroni nawonso anagwirapo mopu.

Anawafotokozera zonse akupukuta makapu, maso ali pansi. Mayi Ethel anamvetsera osamudula. Atatha anafunsa funso limodzi lokha.

"Unamwinowo ukuufunadi, kapena ukungofuna kuthawa mopu?"

"Ndikuufuna, amayi."

"Chabwino. Poti mopu sukuithawa, mwana wanga, ku chipatala ukaipezanso. Ndibwera kwanu Loweruka."

Anabweradi, pa kombi, ndipo kuchokera pa siteji mpaka pageti la Mayi Jean ku Extension 2 anapumira kangapo. Mayi Jean anawalandira ndi chimwemwe cha pamaso, nalamula Chiyanjano kuti abweretse juwisi ndi makeke. Mtsikanayo atatula thireyi anakaima kuseri kwa chitseko.

"Jean, mwana wanga, sindinabwerere makeke. Ndabwerera pasipoti ya Chiyanjano."

"A Metroni, ulemu wanu ndimausunga, koma izi ndi za m'banja. M'nyumba ya mwini saotcheramo mbewa."

"Zoona. Koma denga likamafuka utsi, oyandikana nawo safunsa kuti nyumbayi ndi ya yani."

"Utsi wake uti? Mwanayu ndimamumenya? Ndimamumana chakudya? Malata ali pa nyumba ya bambo ake anakhoma ndani? Inu mukumvera mbali imodzi. Ine ndimatuluka m'mamawa, kubwera dzuwa litalowa, ndikulimbana ndi anthu omwe sandiiwalitsa kuti ndine mlendo. Ndikamutumiza ku sukulu, mwana wanga atsala ndi ndani? Adikire. Nicole akakula tidzaona."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, Jean. Nicole akamadzakula, uyu adzakhala atakalamba pa sinki yako. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nanga uyu poti ndi wa mlongo wako weniweni?"

"Ine muno ndinafika ndekha. Palibe anandigwira dzanja."

Mayi Ethel anaika tambula pansi pang'onopang'ono.

"Pa Bus Rank, utangotsika basi, anakulandira ndani, Jean? Unagona pa mphasa ya yani ukufunafuna ntchito? Sindikukumbutsa kuti undithokoze, ayi. Ndikungoti pasipoti yako ine sindinaitsekere m'kabati."

Nkhope ya Mayi Jean inachita mdima. Anaimirira n'kukatsekula chitseko cha panja.

"Mwatopa, a Metroni. Bambo a Nicole akuperekezani pa galimoto."

"Ndinabwera ndi miyendo, ndibwerera ndi miyendo. Koma ndikuuziretu, kuti usadzati ndinakudyera miseche: nkhaniyi ndikaitula ku msonkhano wa bungwe. Dzina lako sindikatchula, pakuti suli wekha."

Msonkhanowo unachitika Lamulungu la sabata yotsatira, m'holo ya tchalitchi. Kutsogolo kunakhala madokotala, aphunzitsi ndi owerengera chuma. Kumbuyo, cha kukhomo, kunaima alonda, amisiri omanga nyumba ndi atsikana obereka ana a mabwana awo. Chiyanjano anali komweko, atagwira dzanja la Nicole.

Mayi Ethel anaimirira atagwira ngodya ya tebulo.

"Abale anga, m'nyumba zathu muli ana a eni. Tinakawatenga kumudzi ndi mawu okoma, wina tinati sukulu, wina tinati ntchito. Lero mapasipoti awo tawatsekera, masiku awo atha, sangapite ku chipatala, sangadandaule kwa wina aliyense. Tikamanyozedwa ndi eni dziko timalira kuti tsankho. Nanga ichi timachitira ana athu omwe tichitche chiyani? Ndikupempha bungwe lino ligwirizane kuti aliyense abweze pasipoti ya mwini, ndipo tithandizane kukonza mapepala a anawa."

Kenako anaimirira Dokotala Kenneth, mlembi wa bungwelo, akukonza tayi.

"A Metroni timawalemekeza tonse. Koma Tigwirane ndi bungwe la matenda ndi maliro, si polisi. Zoterezi zikamveka kunja, mawa a boma ayamba kugogoda m'makomo mwathu, ndipo mapemiti athu omwe akhala pamoto. Tonse tilowa m'madzi chifukwa cha chifundo cha munthu mmodzi."

"Ndiye mukuti tidikire anawa afe, a Dokotala, kuti tiwathandize ndi bokosi?"

Phokoso linabuka. Mayi wina anakuwa kuti a Metroni akalamba. Bambo wina anati mpando wawakomera, ayamba kuyesa nyumba za anthu ngati mawodi a chipatala. Mayi Jean ndiwo anapereka ganizo loti bungwe lisankhe wapampando wina, ndipo manja a kutsogolo anakwera ngati chimanga cha m'dimba.

"Ofuna kuti a Metroni apitirize?" anafunsa Dokotala Kenneth.

Kumbuyo kuja anthu anayang'ana pansi. Aliyense anali ndi bwana wake pamipando ya kutsogolo. Chiyanjano anaona mayi aja ataima okha, thukuta lili pamphumi, osaweramitsa mutu. Dzanja lake linakwera. Mmisiri wina wachikulire anakwezanso lake, koma ataona kuti ali awiri okha analitsitsa n'kudzikanda m'khosi. La Chiyanjano linakhalabe m'mwamba mpaka azakhali ake anatembenuka n'kuliona.

Mayi Ethel sanakwiye. Anathokoza bungwe chifukwa cha zaka zomwe linawakhulupirira, nagwira chanza Dokotala Kenneth yemwe analowa m'malo mwawo. "Mutu ukakula sulewa nkhonya," anatero akumwetulira. "Mpando ndasiya, koma mawu anga sindikubweza." Anthu akutuluka, iwo anayamba kusanja mipando monga ankachitira masiku onse.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, zovala za Chiyanjano zinali pageti m'majumbo awiri.

"Pita kwa amako atsopanowo," anatero Mayi Jean. "Wandivula pagulu. Ukaone ngati ulemu wa a Metroni umadyedwa."

"Pasipoti yanga, azakhali."

Geti linatsekedwa.

Nyumba ya Mayi Ethel ku Block 10 inali yaing'ono, yozunguliridwa ndi nyumba zosatha kumangidwa, milu ya mchenga ndi fumbi la simenti. Anamulandira osafunsa zambiri. Koma m'mawa mwake Chiyanjano anawapeza atagwada m'bafa, akusanza, atagwira pamimba. Pa shelefu panali mabotolo a mankhwala oletsa ululu, amphamvu, omwe sapatsa munthu woti achira.

"Amayi! Bwanji simunanene?"

"Ndikananena, akanandivotera chifukwa cha chisoni. Ine ndimafuna avotere choonadi." Anapukuta pakamwa. "Madokotala anayesa mbali yawo, chotupachi chinawakanika. Tandidzutsa. Ayi, osandikoka mkono choncho, uthyola nkhalamba. Lowetsa dzanja kunsi kwa phewa, pinda mawondo ako, msana uwongoke. Eya. Phunziro loyamba limenelo."

Kuyambira tsiku limenelo nyumba ija inasanduka sukulu. Mayi Ethel anafooka msanga, ngati kuti msonkhano uja ndiwo unkawaimika. Chiyanjano anaphunzira kusambitsa munthu ali chigonere, kusintha nsalu za pabedi osamudzutsa, kumutembenuza kuti asatuluke zilonda, kumva kugunda kwa mtima pa mkono. Akalakwitsa ankadzudzulidwa kolimba. Ululu ukachepa masana, amisiri akukhoma malata kunja, mayiwo ankamufunsa mafunso a m'buku la sayansi maso ali chitsinzire, ndipo akayankha mophonya ankamubwerezetsa mpaka akhoze.

A kutsogolo aja sanabwere kudzazonda. Ankabwera ndi alonda pochokera ku ntchito, ndi atsikana ozemba kwa mabwana awo, wina ndi malalanje, wina chimanjamanja. Mmisiri wachikulire uja anafika n'kugwada pakhomo la chipinda.

"Amayi, ine ndinatsitsa dzanja tsiku lija. Bwana wanga amandiyang'ana."

"Dzuka, Ali. Uli ndi ana kumudzi. Amene anakuika pa mantha ndiye achite manyazi, osati iwe."

Tsiku lotseka kulembetsa mayeso linafika n'kudutsa. Chiyanjano anachapa nsalu, anaphika phala, anawamwetsa mayiwo, kenako anakakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba n'kulira mosadzigwira. Atabwerera m'chipinda, maso ake anamuulula.

"Atseka?" anafunsa Mayi Ethel.

"Atseka, amayi. Chaka chinanso chapita. Anzanga omwe ndinali nawo kalasi imodzi ali pa ntchito, ena ali ndi mabanja. Mwina azakhali amanena zoona, ine ndine wa mopu basi."

"Bwera pafupi, mawu anga sakufika patali masiku ano. Ine pamene ndinkalowa sukulu ya unamwino, aphunzitsi ena anali ana kwa ine. Ankandiitana kuti agogo m'kalasi. Kodi odwala omwe ndinawagwira pambuyo pake anandifunsapo kuti ndinachedweranji? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene sindikufuna n'choti udane ndi azakhali ako. Chidani chimadya nthawi, ndipo iwe nthawi ulibe. Tenga buku."

Patapita masiku angapo, galimoto ya Bambo Oliver inaima panja. Analowa chipewa chili m'manja, ndipo ataona mmene mayi aja anathera pabedipo, analephera kupereka moni bwinobwino. Anatulutsa pasipoti m'thumba la jekete n'kuipereka kwa Chiyanjano ndi manja awiri.

"Ndaitenga Mayi a Nicole ali ku ntchito. Ndikudziwa kuti mayeso atseka. Ndinkaopa phokoso m'nyumba, a Metroni. Ndimaphunzitsa ana a eni tsiku ndi tsiku, wa m'nyumba mwanga ndinkangomudutsa akukolopa."

"Mwachedwa, aphunzitsi," anatero Mayi Ethel motsitsa mawu. "Koma musangosiyira pomwepa. Mupite naye ku ofesi ya olowa ndi otuluka, mukanene ndi pakamwa panu kuti kulakwa si kwake."

Anapitadi. Bambo Oliver anayankhula, anadzudzulidwa, anasenza mlandu wonse. Chiyanjano sanatsekeredwe, koma anauzidwa kuti atuluke m'dzikomo mwezi usanathe. Atabwerera ku Block 10 anawauza mayi aja, ndipo iwo anangogwedeza mutu.

"Ndiye tipitira limodzi," anatero.

Anamwalira Lachinayi m'mawa, Chiyanjano akuwapukuta nkhope ndi kansalu konyowa. Mtsikanayo anagwira pa mkono monga anaphunzitsidwira, nadikira, nasuntha zala, nadikiranso. Kenako anawatseka maso, anawawongola miyendo, anawamanga mpango wawo bwinobwino, n'kutuluka kukaitana anthu.

Pa mwambo wotsanzikana nawo holo inadzaza mpaka panja. Nkhata za maluwa zinachokera ku mipando ya kutsogolo. Dokotala Kenneth anayankhula nthawi yaitali, nati a Metroni anali mayi wa Amalawi onse, mtsogoleri wosaopa kunena choonadi, ndipo mtengo waukulu wagwa. Anthu anavomera ndi mitu. Za mapasipoti sanatchulepo. Atafunsa kuti ndani aperekeze thupi mpaka ku Ntcheu, ulendo wodutsa m'mayiko a eni, a kutsogolo aja anayamba kuyang'ana m'mafoni. Wina anali ndi odwala, wina mayeso a ophunzira, wina malipoti a kutha kwa mwezi.

"Ndipita ndine," anatero Chiyanjano ali kumbuyo.

Panja, bokosi likukwezedwa m'minibasi, Mayi Jean anamupeza. Maso awo anali ofiira, ndipo Chiyanjano sanakayike kuti analiradi.

"Chiyanjano, chibale ndi fupa, sichiwola. Zinachitikazo zinachitika. Ukakafika ukapume pang'ono, ine ndikonza mapepala bwinobwino ubwerenso. Nyumba yasokonekera, Nicole sakudya. Za sukuluzo tidzakambirana."

"Tidzakambirana liti, azakhali?"

Mayi Jean anayang'ana kumbali.

"Sindikukusungirani mangawa," anatero Chiyanjano. "Bambo ndikawauza zoona zokhazokha, zabwino zomwe munandichitira ndi zinazo. Koma kubwerera ayi."

Nicole anathamanga kuchokera pagulu n'kumukumbatira m'miyendo. "Chichi, *o ya kae*?" anafunsa m'chinenero cha eni dziko kuti akupita kuti.

Chiyanjano anagwada. Mwanayu anamuphunzitsa yekha kuyenda, ankadziwa phala lomwe amakonda ndi nyimbo yomwe imamugoneka. Anamukonza kolala ya diresi.

"Ndikupita kumudzi, Nicole. Ndikupita ku sukulu, ngati iwe. Uzidya, wamva?"

Anachita kumumasula zala chimodzichimodzi, mwanayo akukuwa, mpaka bambo ake anadzamunyamula.

M'minibasimo anachotsamo mipando ya kumbuyo kuti bokosi likwane. Chiyanjano anakhala pambali pake, majumbo ake ali kumapazi. Dalaivala, Fidelis, mnyamata wa ku Zambia, analiza injini n'kulunjika msewu wa ku Francistown. Alonda ndi atsikana aja anayenda pambali pa galimoto akuimba mpaka pa mphambano, kenako anatsalira.

"Sisi," anatero Fidelis akumuyang'ana pa galasi, "tikashika bamayo mubwelela na ise?"

"Ayi, achimwene. Tikaika maliro ndipita ku Dedza, ndikafunse za kulembetsa mayeso."

"Mayeso pa msinkhu wanu? Nanga mukafeluka?"

"Ndikalembanso."

Fidelis anapukusa mutu n'kuwonjezera liwiro. Galimoto inagunda bampu, bokosi linasuntha pang'ono, ndipo Chiyanjano analigwira ndi manja onse awiri.

"Chonde yendetsani bwino," anatero. "Amayiwa atopa."